Kodi chinyumba cha mu Downton Abbey chilipodi?

Funso: Ndimagwira ntchito ku Reading kuno ku England, ndipo amayi akubwera kudzandiona. Tonse timalikonda kwambiri sewero la pa TV la Downton Abbey. Kodi chinyumba chija chilipodi, nanga munthu wamba angalowemo?

Yankho: Chilipo ndithu achemwali, ndipo si kutali ndi kwanuko. Dzina lake lenileni ndi Highclere Castle, chili ku Hampshire pafupi ndi tauni ya Newbury. Mukwere sitima kukatsikira ku Newbury, kenako mugwire takisi.

Koma musangodzuka n'kuuyamba ulendo. Nyumbayi ndi ya banja la Earl wa Carnarvon, choncho alendo amaloledwa masiku ena okha, makamaka pa Pasaka komanso mu July ndi August. Matikiti amatha msanga, gulirenitu pa intaneti.

Mukaona chipinda cha mabuku, chipinda chodyera ndi masitepe aakulu aja, ngakhale kuti kujambula zithunzi m'katimo salola. Khitchini ya antchito simukaipeza, chifukwa mbali imeneyo ankaijambulira ku Ealing Studios mu London. M'zipinda zapansi muli chionetsero cha zinthu zakale za ku Egypt, poti Earl wachisanu ndi amene ankalipirira ntchito ya Howard Carter, yemwe anapeza manda a Tutankhamun mu 1922. Ine ndikuti musachidumphe, n'chosangalatsa zedi.

Mudzi wa m'seweroli ndi Bampton ku Oxfordshire, komwe kuli tchalitchi cha St Mary chimene ankachitiramo maukwati aja. Kumeneko mudzapite tsiku lina kuti amayi asatope. M'nyumba zam'mudzimo mumakhala anthu, musakasuzumire m'mawindo.