Njinga za M'mapiri

Njinga yakapalasa ya m'mapiri inayambira ku California, m'dziko la America. M'zaka za m'ma 1970 anyamata a ku Marin ankapikisana kutsetsereka m'mapiri a kwawo pa njinga zakale zolemera. Njingazo zinkathyoka kaŵirikaŵiri, choncho m'chaka cha 1977 mmodzi wa iwo, Joe Breeze, anapanga felemu yatsopano yoyenera njira zamiyala. Pofika 1996 mpikisano wa njingazi unaloŵa m'maseŵera a Olimpiki ku Atlanta.

Zonse zimakhala ndi matayala aakulu a mano ogwira dothi, mabuleki amphamvu ndi magiya ofeŵetsa chitunda. Zimasiyana makamaka pa masipuling'i.

Mtundu woyamba ulibe sipuling'i ngakhale imodzi. Njinga yotere ndi yopepuka, yotsika mtengo, ndipo mmisiri wa pansi pa mtengo amatha kuikonza. Koma mwala uliwonse umene tayala lagunda umamveka m'manja ndi m'msana mwa wokwera.

Mtundu wachiŵiri uli ndi sipuling'i m'foloko ya kutsogolo mokha. Umakwera chitunda bwino, pakuti mphamvu ya miyendo imapita yonse ku tayala la kumbuyo. Pamtsetse woipa, kumbuyoko kumadumphadumpha, ndipo wokwera amayenera kudzuka pachishalo.

Wachitatu ndiwo umakopa anthu ambiri, chifukwa uli ndi masipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Matayala ake sachoka pansi kaŵirikaŵiri, motero mabuleki amagwira bwino ndipo thupi silitopa msanga. Komatu ukoma umenewu uli ndi mtengo wake. Njingayi imalemera, ndipo felemu yake ili ndi mfundo zingapo zimene zimatha fumbi ndi matope zikaloŵamo. Kumanga kaliyala pa felemu yogwedera chotere n'kovuta, kotero thumba la chimanga silingapite nayo kuchigayo. Choipitsitsa n'chakuti ilipo ina yotchipa, yooneka mochititsa kaso, koma masipuling'i ake ndi achabechabe: amangomeza mphamvu ya wopalasa. Ikawonongeka kumudzi kumene kulibe zipangizo, imakhala miyezi itatsamira khoma, mwini wake akuyenda pansi.

Palinso ya matayala onenepa pafupifupi masentimita 10. Imeneyi sititimira mumchenga, koma pamsewu wa phula imayenda mwaulesi.

Mafunso

1. Kodi n'chifukwa ninji Joe Breeze anapanga felemu yatsopano?
2. Tchulani kuipa kuŵiri kwa njinga ya masipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo.
3. Kodi ndi mtundu uti umene ungayenere njira za kwanu? Fotokozani.