Mpeni Wonyezimira Sufuna Fulashi

Pa pulogalamu ya mafunso ndi mayankho a zojambula zithunzi sabata ino, makalata atatu anali a mipeni. Awiri mwa iwo ankafunsa za mipeni ija amisiri amasula umodziumodzi, imene ogula ake amaisunga m'kabati ya magalasi osadulirapo ngakhale anyezi.

Yoyamba inachokera ku Zomba. Kodi mpeni wa Okapi umene agogo anasiya ungagulidwe ndalama zambiri? Katswiri wa pulogalamuyi, bambo amene amadya za kamera, sanachedwe nayo. Anati Okapi inayambira ku Germany mu 1902, ndipo mu 1988 ntchito yake inasamukira ku South Africa. "Ndi wa kufakitale umenewo, achimwene, ilipo mbwee. Usungeni pokumbukira agogo, koma musayambe kuwerengera malata."

Mayi wina wa ku Chipata anafunsa ngati mizere yokhotakhota ya pa mpeni wa Damascus ndi penti. Ayi, mayi. Wosula amasanjikiza zitsulo za mitundu iwiri, kawirikawiri 1084 ndi 15N20, n'kuziwotcha, kuzimenya ndi kuzipinda mobwerezabwereza. Akatha amaviika mpeniwo mu ferric chloride. Chitsulo china chimada, koma 15N20 imatsala yowala chifukwa ili ndi nickel. Amene anatchukitsanso luso limeneli ku America ndi Bill Moran, pa chionetsero cha Knifemakers' Guild mu 1973. Katswiriyo anawonjezera kuti ogula aziyang'ana kumsana kwa mpeni, chifukwa yachinyengo imakhala ndi mizere yongodindidwa m'mbali.

Kalata yachitatu ndi imene inawadzutsa pampando. Mnyamata wina amene amagwira ntchito kwa wosula mipeni ku Johannesburg analemba kuti abwana ake anamutuma kujambula mipeni yoika pa Instagram, koma chitsulo chikumatuluka chakuda bii, apo ayi choyera mbee osaoneka kanthu.

"Mwana wanga, ndikudziwa kuti ukuyatsa fulashi," anatero bambowo. "Sabata ndi sabata ndimanena pano. Zimitsani fulashi!"

Kenako anafotokoza modekha. Chitsulo chopukutidwa bwino ndi kalilole, ndiye kamera imaona chimene chitsulocho chayang'anizana nacho. Chikayang'ana kudenga kwamdima, chituluka chakuda. Chikakumana ndi babu kapena fulashi, chituluka chothobwa m'maso. Mankhwala ake ndi kuchipatsa chinthu chachikulu, choyera ndi chowala mofewa choti chiyang'ane. Kolekani nsalu yoyera yopyapyala pamwamba ndi kumbuyo kwa mpeni, nyali kapena windo likhale kuseri kwa nsaluyo. Mukatero pendeketsani mpeni pang'onopang'ono, diso lili pa foni, mpaka chitsulo chonse chituwe mofanana ndipo mzere umene wosula anayambira kupala chitsulo kulowera kwakuthwa uoneke bwino. Kachibuluma ka pepala pansi pa chogwirira n'kokwanira kuugwira pamenepo. Amene alibe nyali adikire tsiku la mitambo, akhale pakhonde.

Funso linali litayankhidwa, koma iwo anali atangoyamba. Anakumbukira wogulitsa wina amene anawatumizira chithunzi cha mpeni wokongola kwambiri, m'chitsulomo mukuoneka nkhope yake, foni yake ndi zovala zoyanika pachingwe. Anadzudzula ojambula atavala malaya ofiira, chifukwa kufiirako kumakathera pachitsulo. Anadzudzulanso okonda kuyandikitsa foni mpaka mpeni kuoneka wopindika: bwererani m'mbuyo, muukoke ndi zoom. Ndipo zala! Chidindo cha chala chimene diso silikuona, kamera imachionetsa poyera, komanso pa chitsulo cha carbon thukuta lake limayambitsa dzimbiri.

Anatinso dzina la wosula lizioneka, ndipo apa wolemba nkhani ino akugwirizana nawo kwathunthu. Mipeni ya Bob Loveless wa ku Riverside, California, amene anamwalira mu 2010, imagulidwa madola masauzande ambiri, ndipo wogula amayamba wayang'ana chizindikiro chake asanaone china chilichonse. Chithunzi chimodzi chikhale cha mpeni wonse, china cha dzina, china cha kumsana.

Za chogwirira zinawatengera kwina. Mtengo, nyanga ya ng'ombe, fupa, zonsezo jambulani. Koma wina akakubweretserani cha mnyanga wa njovu, mubwezeni pakhomo pomwepo. Malonda a minyanga pakati pa mayiko analetsedwa mu 1989, ndipo ku Malawi lamulo la nyama zakutchire limene linakhwimitsidwa mu 2017 limafika zaka 30 m'ndende. "Chithunzi chanucho n'chimene chidzakhale umboni kukhoti."

Woulutsa mawu atawakumbutsa kuti nthawi yatha, iwo anathithikizamo chenjezo lawo lina la sabata iliyonse. Mukatha kujambula, pakani timafuta pachitsulo ndipo musausiye mpeni m'chimake chachikopa, chifukwa chikopa chimasunga chinyontho ndipo nyengo ya mvula isanathe mudzaupeza uli mawangamawanga a dzimbiri.