MWANA WOGWIDWA NDI MANTHA ADZIDZIDZI

Phunziro la makolo ndi aphunzitsi. Werengani 1 Mafumu 19:1-8.

Pali nthenda ina yosautsa ana, makamaka iwo amene ali kusinkhuka, imene ambiri a ife sitiizindikira. Mwana ali bwino bwino, kapena ku sukulu kapena m'chalichi, ndipo mwadzidzidzi mantha akuru amgwera popanda cinthu comuopsa.

1. Zizindikiro zace. Mtima ugunda msanga, apuma mofulumira, anjenjemera, atuluka thukuta, amva cizungulire, ndipo zala ndi milomo zicita dzanzi. Kawirikawiri alira kuti ali kufa. Manthawo akula kufikira mphindi ngati 10, pambuyo pace ayamba kucepa okha.

2. Gwero lace. Mulungu anaika m'thupi mwathu mphamvu yotidzidzimutsa kuti tithawe njoka kapena moto. Timanyama tiwiri tokhala pamwamba pa impso tithira m'mwazi madzi ochedwa adrenaline, amene athamangitsa mtima. Pa mwana uyu mphamvuyo yauka pacabe, monga galu wouwa usiku popanda mbala. Dzanzi lija lidza cifukwa ca kupuma kofulumira. Si ufiti, si ciwanda, ndiponso si kucepa kwa cikhulupiriro.

3. Kusiyanitsa ndi nthenda zina. Wa malungo atentha thupi. Wa khunyu agwa, naphupha, osazindikira kanthu. Wa mphumu cifuwa cilira popuma. Mukaona izi, kapena ngati mukayika, mutengereni ku cipatala msanga.

4. Mathandizidwe ace. Yambani mwadekha inu eni, pakuti mwana ayang'ana nkhope ya mkuru. Cotsani anthu omuunjirira, mumkhazike pamthunzi, nimunene mofatsa kuti, "Ndiri pompano, mwananga, zimenezi zitha tsopano apa." Pumani naye pamodzi: akoke mpweya ndi mphuno powerenga kufika 4, nautulutse pang'ono pang'ono kufika 6. Mumfunse achule zinthu zisanu zimene ali kuziona. Musammenye, musamseke, musamthire madzi.

5. Zitapita. Mufunseni pa awiri cimene cimvuta mumtima: kapena maliro, kapena mayeso, kapena munthu wina womzunza mobisika. Musamleketse sukulu, cifukwa kuthawa malo kukulitsa mantha. Koma mumperekeze kufikira atalimba. Manthawo akabwerabwera, kauzeni a ku cipatala, pakuti nthendayi icizika.

Kumbukirani Eliya. Pamene anathawa Yezebeli, nagona pansi pa mtengo wofooka mtima, mngelo sanamdzudzule, koma anamkhudza, nampatsa cakudya ndi madzi. Ngati Ambuye anacitira cifundo cotere mneneri wamkuru, nanga ife tingakalipire bwanji kamwana?

Mafunso okambirana:
(a) Kodi mantha awa asiyana bwanji ndi khunyu?
(b) Cifukwa ninji sitiyenera kumleketsa mwanayo sukulu?
(c) Ndani pakati pathu amene ana angamuuze zobisika zao osaopa?