Chizungulire ndi Mutu wa Ching'alang'ala

Amai anzanga, m'phunziro la zaumoyo la ulendo uno tikambirane za mavuto awiri amene ambiri timawayesa osiyana, chonsecho kawirikawiri gwero lake ndi limodzi: mutu wa ching'alang'ala, umene a chipatala amautcha migraine, ndi chizungulire chomangobwerabwera.

Mutu wa ching'alang'ala ambiri mwa inu mumaudziwa bwino. Umakonda kugwira mbali imodzi, ndipo umagunda ngati mtima wasamukira m'mutu. Mukawerama kuti musese kapena kunyamula ndowa, ululu umakula. Mseru umabwera, ena mpaka kusanza, kuwala ndi phokoso zimanyansa, munthu amangofuna kagone m'chipinda cha mdima. Ukapanda mankhwala umatenga maola 4 mpaka 72. Ena mutu usanayambe amaona tinthu tothwanima kapena mizere yokhotakhota m'maso. Pa dziko lonse vutoli limagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 7 alionse, ndipo akazi odwala amachuluka pafupifupi katatu kuposa amuna. Kuno kwathu, kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2015, atafunsa akuluakulu oposa 1,000 khomo ndi khomo ku Lusaka ndi ku Southern Province, anapeza kuti oposa mmodzi mwa 5 alionse anadwalapo mutu umenewu m'chaka chimodzi. Ndiye kuti pa msonkhano wa chigwirizano wa azimai 30, odwala sangalephere kupezekapo angapo.

Nanga chizungulire chikubwera bwanji pamenepa? Poyamba timvetsetsane. Kuchita mdima m'maso mukadzuka mofulumira pa mphasa si chimene tikunena pano. Tikunena chija chakuti inu mwakhala phee koma nyumba ikuzungulira, kapena pansi pakupendekeka ngati muli m'bwato, ndipo mukatembenuza mutu zimanyanya, kufikira muyenda chogwira khoma.

Mkati mwenimweni mwa khutu lililonse muli timachubu titatu tokhota tokhala ndi madzi. Mutu ukasuntha, madziwo amasunthanso, ndipo mitsempha imatumiza uthenga ku ubongo. Ubongo umafananiza uthengawo ndi zimene maso akuona ndi zimene miyendo ikumva, ndipo n'chifukwa chake mumatha kuyenda mutasenza mtolo wa nkhuni osagwa. Ubongo wa munthu wa ching'alang'ala umamva zinthu mopitirira muyeso. Monga mmene kuwala kwamasiku onse kumamulasa m'maso, nako kusuntha kwamasiku onse ubongo wake umatha kukukulitsa ndi kukusokoneza. Makutu angakhale abwinobwino, koma womasulira uthenga ndiye wasokonezeka. N'chifukwa chakenso ambiri a mutu umenewu ndi omwe aja amasanza m'basi, ulendo wochoka ku Chipata kupita ku Lusaka n'kukhala chilango.

Madokotala awiri a ku Germany, Marianne Dieterich ndi Thomas Brandt, analemba za odwala 90 otere mu 1999 ndi kugwiritsa ntchito dzina lakuti vestibular migraine. Mu 2012 mabungwe awiri, Bárány Society ndi International Headache Society, anagwirizana za momwe matendawa azidziwikira. Munthu akhale kuti wachita chizungulire champhamvu kasanu kapena kuposerapo, ulendo uliwonse kwa mphindi 5 mpaka maola 72. Akhale kuti amadwala kapena anadwalapo ching'alang'ala. Ndipo pa theka la maulendowo kapena kuposa pakhale chizindikiro cha ching'alang'ala, kaya mutu, kaya kunyansidwa ndi kuwala ndi phokoso, kaya zothwanima zija.

Onetsetsani mawu akuti "kaya" pamenepo, chifukwa ndi pamene ambiri timasokerera. Mutu sufunika kuwawa pa tsiku la chizungulire. Kawirikawiri mutu ndiwo umayamba, pa utsikana, chizungulire n'kubwera patapita zaka zambiri. Kwa azimai ena, pofika nthawi yosiya kusamba mutu umachepa kapena kutheratu, chizungulire n'kulowa m'malo mwake. Mai wa zaka 50 akapita ku kiliniki amangonena za chizungulire, za mutu wa kale uja satchula n'komwe poti anauiwala. Amamuyeza malungo, palibe, magazi, okwanira, BP, ili bwino. Amabwerera kunyumba, achibale n'kuyamba kunong'onezana kuti ndi ulesi, ena kuti pali dzanja la munthu. Mabanja ena adana chifukwa cha matenda amene ali ndi dzina ndi chithandizo chomwe.

Komabe si chizungulire chonse chimachokera ku ching'alang'ala. Chija chimabwera mukatembenuka pa bedi kapena kuyang'ana kumwamba, n'kutha mphindi imodzi isanakwane, kawirikawiri chimayamba ndi timiyala ting'onoting'ono ta m'khutu tikachoka pamalo pake, ndipo wachipatala wodziwa amatibwezera pongotembenuza mutu wanu mwa njira yake. Chikabwera ndi kulira m'khutu limodzi ndi kusamva bwino, pangakhale matenda a khutu otchedwa Ménière. Kuchepa kwa magazi, malungo, shuga kutsika ndi mankhwala ena a BP nazonso zimachititsa munthu kuzandima. Choncho musadzigamulire nokha.

Ndipo pali zizindikiro zosadikira kuti kuche. Chizungulire chadzidzidzi chobwera ndi kupotoka kwa kamwa, kulephera kulankhula bwino, kuona zinthu ziwiriziwiri, kufooka kapena dzanzi mbali imodzi, kulephereratu kuimirira, kapena mutu woopsa umene simunamvepo chibadwire, chingakhale sitiroko. Wotere mufulumire naye kuchipatala nthawi yomweyo, makamaka ngati ali ndi BP kapena shuga.

Palibe kuyeza magazi kapena kujambula kumene kumaonetsa vestibular migraine. Dokotala amadalira zimene inu mwamuuza. Gulani kakope, muzilemba tsiku limene chizungulire chabwera, chatenga nthawi yaitali bwanji, ngati kuwala ndi phokoso zinakunyansani, munagona bwanji usiku wake, munadya nthawi yanji, ndiponso ngati munali pafupi kusamba. Musaiwale kunena za mutu wa kale, ndiponso ngati amai anu kapena abale anu ankadwala chimodzimodzi, pakuti ching'alang'ala chimayenda m'magazi.

Kakopeko kadzakuonetsaninso zimene zimaputa matendawa. Zodziwika kwambiri ndi kuchezera, kudumpha chakudya, kusamwa madzi okwanira, dzuwa, nkhawa ndi masiku a kumwezi. Ife azimai zonsezi timatha kuzisonkhanitsa pa tsiku limodzi: kugona pamaliro, m'mawa kuphikira khamu pa utsi, kudya ena onse atatha. Wodwala matendawa asachite manyazi kupempha anzake kuti amulandire, akagoneko maola angapo ndi kudya pa nthawi yake. Chimodzimodzi pa masiku osala kudya, ndi bwino afunse kaye a chipatala. Chizungulire chikayamba, khalani kapena gonani pansi pomwepo, kutali ndi moto ndi chitsime, ndipo mwana amene muli naye kumbuyo mupatseni wina.

Ngati vutoli likubwera pafupipafupi, dokotala angakupatseni mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku oletsa kuti lisamabwere, monga propranolol kapena amitriptyline. Amenewa satha ntchito tsiku limodzi, amafuna masabata angapo, ndipo si obwerekana. Palinso maseŵera olimbitsa thupi ophunzitsa ubongo kuzolowera kusuntha, amene a physiotherapy amaphunzitsa. Chenjerani ndi mapilitsi a mutu ogula pa kantemba: kumwa Panadol kapena aspirin masiku 15 kapena kuposa pa mwezi, miyezi ingapo, kumabweretsa mutu wina wa tsiku ndi tsiku. Kafukufuku wa 2015 uja anapeza kuti vuto limeneli ndi lalikulu m'Zambia, makamaka m'tauni.

Mawu awiri kwa amene mukadali pa msinkhu wobereka. Ngati mutu wanu umayamba ndi zothwanima m'maso, uzani anamwino a zakulera, chifukwa mapilitsi olera okhala ndi estrogen amawonjezera ngozi ya sitiroko kwa mai wotere, ndipo njira zina zilipo. Ngati muli ndi pakati kapena mukufuna kutenga pakati, nenani musanalandire mankhwala alionse a ching'alang'ala, pakuti ena mwa iwo, monga valproate, amavulaza mwana m'mimba.