Boneti Yofika M'chifuwa

Mu 2009 anthu oyenda pansi pafupifupi 4,100 anafa atagundidwa ndi galimoto m'misewu ya ku America. Pofika mu 2022 chiwerengerocho chinali chitaposa 7,500. Zifukwa zilipo zingapo, monga mowa, mafoni ndi misewu yamdima yopanda powolokera, koma china chinali poonekera: magalimoto enieniwo anakula. Anthu ambiri anasiya kugula magalimoto afupiafupi n'kuthamangira ma SUV ndi mapikapu ngati Ford F-150.

Mu 2023 bungwe la Insurance Institute for Highway Safety linaunika ngozi pafupifupi 18,000 zimene galimoto inagunda munthu woyenda pansi. Linapeza kuti galimoto imene boneti yake yatalika kupitirira mita imodzi kuchoka pansi imapha kwambiri, ndi 45 peresenti, poyerekeza ndi imene boneti yake ndi yotsetsereka ndipo siposa masentimita 76.

Mmene zimachitikira n'zosavuta kumva. Galimoto yaifupi, ngati Corolla, imamenya munthu wamkulu m'miyendo, thupi n'kugwera pa boneti. Amathyoka, koma nthawi zambiri amafika kuchipatala akupuma. Galimoto yaitali, yamphumi yoongoka, imamenya m'chiuno ndi m'chifuwa, mmene muli mapapo, mtima ndi chiwindi, kenako imamukankhira kutsogolo, pansi, m'njira ya matayala ake omwe. Kwa mwana wa Sitandade 1, pamene wamkulu amamenyedwa m'chifuwa ndi pamene pali mutu.

Choopsa china n'chakuti mwanayo mwina simumuona n'komwe. Mukakhala pamwamba mumaona kutali, ndipo n'chimene ambiri amaikondera galimoto yaikulu. Koma pafupi penipeni, kutsogolo kwa bampala, pali malo amene boneti imabisa. Ku America ana ambiri aang'ono apondedwa pakhomo pawo pomwe, galimoto ikungodzuka kumene, woyendetsa ali kholo kapena wachibale. Ganizirani za m'mawa pakhomo panu: geti yatsegulidwa, mukuyang'ana kumsewu, kamwana kathamanga kudzatsanzika adadi. Musanagule galimoto yotere, khalani pa chiwongolero, wina aike ndowa patsogolo n'kumaisuntha mpaka mutaiona. Mtunda umene adzayende udzakudabwitsani.

Wogula aliyense amanena zomwezo: ndikufuna banja langa litetezeke. Sakunama. Galimoto ziwiri zikawombana, yolemera imakankha yopepuka, ndipo ovulala kwambiri amakhala a m'yopepukayo. Chitetezo chimene mwagulacho, mbali yake yaikulu mwachilanda kwa mnzanu wa mu Sienta, kwa wakabaza ndi amene wam'nyamula, kwa mayi wosenza nkhuni m'mphepete mwa tala. Mu 2024 magazini ya The Economist inawerengera ngozi za ku America n'kupeza kuti pa moyo umodzi umene magalimoto olemera kwambiri amapulumutsa m'kati mwake, anthu oposa 12 amafa m'magalimoto ena. Anthu amenewo palibe amene anawafunsa maganizo tsiku limene galimotoyo inkagulidwa. Ndipo aliyense akamaopa n'kugula yaikulu kuposa ya mnzake, msewu wonse umangoipiraipira.

Kuno kwathu si aliyense wa Hilux amene akudzionetsera. Mlimi wotuta chimanga, ambulansi yopita kuchipatala chakumudzi nthawi ya dzinja, awa popanda galimoto yaitali sangafike. Amene ndikunena nawo ndi inu amene Prado kapena Fortuner yanu ulendo wake ndi wa ku Area 47 kupita ku City Centre, pa tala pokhapokha, muli nokhanokha ndi foni. Ndalama ndi zanu, inde. Koma misewu yathu simuyendamo nokha. Pa Lizulu, mumsewu wa M1, ogulitsa kabichi ndi mbatatesi amathamangira galimoto iliyonse imene yachepetsa liwiro, ana akuoloka, njinga zikupatuka. Bungwe la WHO limanena kuti liwiro likakwera kuchoka pa makilomita 50 kufika 65 pa ola, chiopsezo choti wogundidwa afe chimakula kanayi ndi theka. M'galimoto yaikulu, yosamveka phokoso ndi mabampu, 65 imamveka ngati mukukwawa.

Mayiko ena ayamba kulipiritsa kukula kumeneku. Mu February 2024 anthu a ku Paris anavota kuti magalimoto olemera kupitirira matani 1.6 ochokera kunja kwa dera azilipira katatu poimika mumzinda.

Ife m'malo mwake timaonjezera zitsulo. Galimoto ikangofika kuchokera ku Dar es Salaam, ena amathamangira kwa owotcherera kukaikitsa bull bar kuti bampala isaphwanyike. Opanga magalimoto anapanga kutsogoloko kuti kuzipindika n'cholinga choti kuchepetse mphamvu ya kugunda, ndiye chitsulocho chimathetsa zonsezo. Mayiko a European Union analetsa kugulitsa zitsulo zolimba zotere kuyambira mu 2007. Zinapangidwira madera ngati tchire la ku Australia, kumene madalaivala amagunda kangaroo ndi ng'ombe usiku, ndipo m'tauni chimene zimakumana nacho kawirikawiri ndi munthu.