Kukwera Phiri la Zomba Tsiku Limodzi

Zikomo mayi athu a ku Balaka chifukwa cha kalata yanu. Mukufunsa ngati inu ndi anzanu a kwaya mungakwere phiri la Zomba n'kubwerako tsiku lomwelo. Eetu mayi, n'zotheka ndithu, bola kulawirira.

Nyamukani m'tauni ya Zomba dzuwa lisanakwere, mutsate kanjira ka Potato Path. N'kotsetsereka kwambiri, choncho yendani mwachifatse, muzipumira. Valani nsapato zogwira pansi, osati masilipasi. Tengani madzi akumwa, kamba wa paulendo ndi juzi, chifukwa nsonga za phirili zimapitirira mamita 2,000, ndipo chiperoni chikagwa mu June ndi July, kumazizira koopsa, njira osaoneka.

Pamwambapo mukaone damu la Mulunguzi, lomwe limamwetsa mzinda wa Zomba, ndi mathithi a Williams. Mphamvu zikakhalapo, kafikeni pa Emperor's View, pomwe anaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia. Kukacha bwino, nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje zimaoneka.

Chonde lembani mlondolanjira wa komweko, musasonkhe moto m'nkhalango, ndipo zinyalala mubwere nazo. Pofika 3 koloko masana yambani kutsika. Mukabwerako mutilemberenso, mayi. Muyende bwino!