Kusankha Pulogalamu Yoongola Mau a Nyimbo

Anzanga, masiku ano ambiri a ife tikapita kwathu pa holide timajambula nyimbo m'nyumba ndi foni kapena ndi kompyuta ya mbale wathu. Tikamvetsera, timapeza kuti liu lina lakwera pang'ono, lina latsika. Tsono pali mapulogalamu oongola mau otere. Ine ndiri m'kwaya ya sukulu yathu, ndipo ndafuna kuti tiphunzire pamodzi m'mene tingasankhire, popeza ndalama za mwana wa sukulu nzocepa.

Poyamba tidziwe cimene cimaongoledwa. Liu liri lonse ndi kunjenjemera kwa mpweya. Noti ya A imene oimba amacunira zoimbira zao imanjenjemera ka 440 pa sekondi imodzi. Ikafika 880 ndiye A wa pamwamba, ikatsika pa 220 ndiye A wa pansi. Pa piyano mtunda wocokera pa A kufika pa A wina anaugawa masitepe 12 ofanana, ndipo sitepe iri yonse iri ndi timagawo 100 tochedwa masenti. Pulogalamu imawerenga kunjenjemera kwa liu lanu, niyang'ana noti imene iri pafupi, nikankhira liulo pomwepo.

Pulogalamu yochuka koposa ndi Auto-Tune, imene inaturuka m'caka ca 1997 ku kampani ya Antares ku America. Anaipanga ndi Andy Hildebrand, munthu amene kale ankagwira nchito yofufuza mafuta pansi pa nthaka pomvetsera mafunde a phokoso. M'caka ca 1998 nyimbo ya Cher yochedwa Believe inadziwitsa dziko lonse liu lija longa la makina. Ina ndi Melodyne ya kampani ya Celemony ku Munich, m'dziko la Germany, imene inayamba kugulitsidwa m'caka ca 2001.

Funso loyamba posankha ndi ili: kodi mufuna kuongola nthawi yomweyo, kapena pambuyo pojambula? Auto-Tune imatha kuongola munthu ali mkati moimba. Melodyne imaonetsa noti iri yonse ngati kadontho pa galasi, ndipo inu mumaisuntha ndi dzanja, imodzi imodzi. Njira yaciwiriyi imadya nthawi, koma liu limakhalabe la munthu.

Funso laciwiri: kodi mwajambula ciani? Mapulogalamu ambiri amamva noti imodzi yokha pa nthawi. Amathandiza pa liu la munthu mmodzi, pa citoliro, kapena pa besi. Mukawapatsa kwaya yonse, kapena gitala woimba zingwe zitatu pamodzi, amasokonezeka. Mitundu yodula ya Melodyne imatha kulekanitsa manoti omveka pamodzi, koma mtundu wace wochipa sutero. Cifukwa cace anzanga a kwaya, jambulani soprano payekha, alto payekha, tena ndi besi cimodzimodzi.

Funso lacitatu ndi la thumba. Auto-Tune ndi Melodyne ndi zogula ndi madola. Koma ziripo zaulere monga GSnap ndi MAutoPitch, zimene mumazilowetsa m'pulogalamu yojambulira ya pa kompyuta. Amene ali ndi foni yokha angayese BandLab, imene iri ndi AutoPitch m'kati mwace. Yambani ndi zaulerezi. Cenjerani ndi makope akuba amene anyamata amapatsana pa fulashi, pakuti kawirikawiri amabwera ndi mavairasi. Akulu anati cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere.

Mukasankha, kumbukirani zinthu ziwiri. Coyamba, uzani pulogalamu kiyi ya nyimbo yanu. Ife a kuno sitivutika ndi zimenezi, pakuti doh, ray, me akhala akuphunzitsidwa m'dera lino kuyambira masiku a mishoni imene Dr. Robert Laws anaikhazika pa Khondowe m'caka ca 1894. Mukapeza doh wanu, mwapeza kiyi. Mukaipatsa kiyi yolakwika, idzakokera liu lanu ku noti yosayenera. Caciwiri, samalani liwiro loongolera. Mukaika pa 0 liu limalumpha kucoka pa noti kufika pa inzace ngati makina. Mukacepetsa liwirolo, omvera sadziwa n'komwe kuti munaongola.

Tsopano ndinene cimene ciri cacikuru kwa ife a ku Rumphi. Masitepe 12 aja ndi a piyano, si a nyimbo zonse za pa dziko iai. Hugh Tracey, amene anayenda m'dziko lino m'zaka za m'ma 1950 kujambula nyimbo za makolo, anayeza zoimbira zambiri za mu Africa napeza kuti macunidwe ace amasiyana ndi a piyano. Bangwe ndi kalimba amazicuna ndi khutu la mwini wace. Nyimbo za vimbuza, gule amene UNESCO inamlemba m'kaundula wa cuma ca anthu onse m'caka ca 2008, ziri ndi kakwezedwe kace ka liu. Mukajambula agogo anu nimuika pulogalamu pa liu lao, idzayesa kuti alakwitsa pamene sanalakwitse, ndipo mudzasunga nyimbo imene iwo sanaimbe. Nyimbo zotere zisiyeni monga ziri.

Potsiriza, pulogalamu siicotsa kulira kwa tambala kapena mvula pa malata. Jambulani m'cipinda cacete, mupacike mabulangete m'makoma, pakamwa patalikirane ndi maikolofoni ngati cikhatho cimodzi. Noti ikaphonya ndi sitepe yathunthu, imbaninso mzere umenewo, pakuti kuukoka kutali kumaononga liu. Ndipo musaleke kufika pa maphunziro a kwaya, cifukwa tsiku loimba pamaso pa makolo ndi aphunzitsi m'holo muja simudzakhala kompyuta.